Mbali Yanga ya Bawo

Lolemba, 7 Julaye

Chiperoni chaphimba phiri lonse, ngakhale mitengo ya paini siikuoneka. Mawondo akuwawa koma ku bawo ndapitabe, pansi pa mango paja kuseri kwa msika wa Chinamwali. Ndamudya Che Saiti kawiri. Akathedwa nzeru ndimadziwa, amayamba kupekesa chala chachikulu m'mphepete mwa thabwa, mbali yake ija, mpaka panakumbika kadzenje kosalala. Lero wapekesa mpaka ndamuuza kuti atulukira kunsi.

Thabwalo ndi la mbawa, tinasema awiri ine ndi iyeyo nthawi imene tinkacheka matabwa kuphiri, kumtunda kwa damu la Mulunguzi. Sowo imodzi, iye pamwamba, ine m'dzenje. Ena onse amene amasewerapo ndi ongobwereka.

Chasokoneza ndi Chipiliro, wa kabaza ya njinga yamoto uja. Petulo kulibe, ndiye m'malo mokagona pamzere ndi anzake wabwera kudzatiphunzitsa ndale. Ine ndangoti akale aja abwerere basi, nthawi yawo mafuta sitinkawasaka ngati mankhwala. Che Saiti ati, "Achimwene, dzenje tilimoli anakumba ndi akale anuwo." Ndati nanga atsopanowa anabwera ndi fosholo yokwirira kapena khasu lowonjezera? Anthu aseka. Zathera pomwepo.

Lachiwiri, 8 Julaye

Shuga wasowanso m'magolosale. Mkazi wanga Dora wandipatsa tiyi wopanda kanthu, ati ndikathire ndale.

Ku bawo nkhani ndi ya ndalama zakunja. Aliyense wasanduka katswiri, ngakhale a Alufandika, kalipentala amene amatisungira thabwa mu shopu mwawo, amene dola sanaigwirepo chibadwire. Ati vuto ndi loti timagula kunja ngakhale zotokosera mano. Chipiliro ati vuto ndi mavenda obisa katundu. Ine ndati vuto ndi woyendetsa, galimoto ikagwera m'ngalande sufunsa matayala. Masewero amodzi okha, osatha n'komwe.

Lachitatu, 9 Julaye

Ndilemba zonse, kuti mawa wina asadzanene kuti ndinayamba ndine.

Ndinali pakati pofesa nkhomo m'maenje, ndikunena za feteleza, kuti chaka chino munda wanga wa ku Jali ndabzala ndi pemphero lokha. Chipiliro n'kuimirira, chipewa cha njinga kumanja. Ati, "A Medson, musatinamize za feteleza. Akalewo mukuwafuna chifukwa ndi a mtundu wanu. Anguru inu mukatopa nalo dziko lino, njira ya ku Mozambiki simunaiiwale."

Ine! Agogo anga agona ku Jali, bambo anga agona ku Jali, ana anga awiri ali m'manda a konkuno. Kamwana kamene ndinakaona kakuyenda opanda kabudula kandilozere njira?

Koma Chipiliro ndi galu, amauwa aliyense. Chandibaya ndi china. Ndinayang'ana Che Saiti kuti amudzudzule. Anaseka. Osati kumwetulira ayi, kuseka kogwira pamimba, mano onse pamtunda.

Ndiye ndinawapatsa zawo. Ndinati, "Sekani Achawa inu, sukulu munaionera pawindo. Pepala lovotera lomwe mumadikira wina akuwerengereni." Che Saiti anabweza nkhomo zimene zinali m'manja mwake, imodziimodzi, n'kudzuka n'kumapita. Sadziwa kuwerenga, zoona, makalata a mwana wake wa ku Joni ndinkamuwerengera ndine. Nanga ndanama? Anaseka yekha, sindinamutume.

Lachinayi, 10 Julaye

Sindinapiteko. Akhale nawo mango awowo.

Lachisanu, 11 Julaye

Asa! Tsiku limodzi lokha ndajomba, ndapeza mabenchi awapatula. Mbali ya kumsika kwakhala ofuna boma lipitirize, mbali ya kumsewu ofuna lichoke, thabwa pakati ngati maliro. Palibe akusewera. Aliyense wayatsa wayilesi ya pafoni yake, uku nduna ikuti sitima ya mafuta yafika padoko, uko wina akuti sitimayo ndi ya m'maloto. Mayi wogulitsa mbatata zokazinga pambali pathu ati watopa nafe, wasamukira kudepoti.

Che Saiti wafika kuchokera ku mzikiti, mkanjo woyera, osandiyang'ana. Wapereka moni kwa onse, pa ine ati, "Bambo Medson." Bambo Medson! Munthu amene wanditcha achimwene kuyambira tili ndi tsitsi lakuda.

Ndinanyamula thabwa kuti ndipite nalo kwathu, iye n'kugwira mbali inayo. Madala awiri kukokana, nkhomo mbwee pafumbi, akabaza akuimba mluzu. Ati mtengowo anaupeza ndi iye. Ndati anautulutsa m'chigwa paphewa ndani? Ati maenje anasema ndi iye. Ndati zaka zonse zija iwe pamwamba kupuma mphepo yabwino, ine m'dzenje kudya utuchi wako, maso anga anafiira mpaka lero, lero undiseke pagulu? Inde, ndinati iwe. Sindinamutchulepo choncho chiyambire.

A Alufandika analowerera, ati thabwa silichoka pano mpaka eni ake agwirizane. Ndiye pakamwa panga panatuluka mawu. Ndinati tilidule pakati, aliyense atenge mizere yake iwiri.

Che Saiti anandiyang'ana koyamba. Ati, "Chabwino."

Ndimayembekeza akana.

Loweruka, 12 Julaye

A Alufandika akana kulidula. Ati magetsi kulibe chiyambire dzulo, ndipo ngakhale akanakhalapo makina awo sadula zopusa. Akalipentala ena a kumsika nawonso akana, nkhani yafika kale paliponse. Wogulitsa makala amene sindimudziwa n'komwe wandifunsa kuti, "Ndinu a bawo aja?"

Dora sanandisiye. Ati anthu amene mukukanganiranawo akudya soseji ku Lilongwe, dzina lanu salidziwa, mawa adzakumbatirana pa maliro a mnzawo inu muli pano ndi theka la thabwa. Ndati nkhani si ya ku Lilongwe, nkhani ndi yoti anaseka. Ati, "Nanga inu munalira?" Mkazi ameneyu pakamwa pake mpeni.

Lamulungu, 13 Julaye

Kutchalitchi abusa alalikira za mtendere pa nthawi ya kampeni. Ndinaona amayi a mvano akutembenukira kwa ine. Ayang'ane amuna awo.

Masana ndakhala pakhonde. Njira ya Che Saiti yopita kumsika imadutsa pampanda pathu pomwepa. Sindikufuna zambiri. Angoima pageti anene kuti achimwene, kuseka kuja ndinalakwa. Basi. Za sukuluzo tingathe kukambirana pambuyo.

Wadutsa chakumadzulo, akukoka phazi lamanzere monga mwa nthawi zonse, wayang'ana kuphiri ngati kuli chachilendo.

Dora anakumana ndi Mwanaidi, mkazi wa Che Saiti, kuchigayo dzulo. Ati bamboyo sakudya bwino, akungoti pa anthu onse a m'Zomba amene akanamunena za kuwerenga, osati Medson. Ndiye akudikira ine? Adikira mpaka kwacha idzalimbe.

Lolemba, 14 Julaye

Che Saiti akunola sowo. Ndamva ndili kuseri kodyetsa nkhuku, kwee, kwee, kwee, tupa pa dzino lililonse. Kanoledwe kameneko ndingakadziwe ngakhale ndili m'bokosi. Ndi sowo yathu yakuphiri ija, ndinkayesa anagulitsa kalekale.

Akufuna ndichite mantha ndikagwade. Sandidziwa.

Chipiliro wapeza petulo wa m'zigubu, wandidutsa pamsewu n'kundiimbira belu, "A mdala, mawatu mukudula thabwa!" Ngati kuti ndi mpira.

Lachiwiri, 15 Julaye

Anthu anadzaza ngati pamsonkhano wa chipani. Ena anakwera mumango. Ofuna boma uku, osalifuna uko, akutukwanizana za misonkho, za chimanga, za amene anaba kwambiri. Wina anayamba kujambula pafoni.

Che Saiti anabwera ndi sowo paphewa, yowala ngati yatsopano. Palibe wina akanaigwira, sowo imeneyo ndi ya anthu awiri ndipo odziwa kuikoka pa Chinamwali ponse tatsala ndife. A Alufandika anatibwereka mabenchi awo aatali ogwirirapo ntchito, akupukusa mutu. Tinakhazika thabwa pamwamba. Che Saiti anatulutsa chingwe chopaka makala, ine ndinagwira nsonga inayo osauzidwa, anachikoka n'kuchisiya, thwa! Mzere wakuda pakati penipeni, mizere iwiri uku, iwiri uko.

Ndinayamba kugwada kuti ndilowe kunsi monga kale. Anandigwira paphewa. Ati, "Kwerani pamwamba, Bambo Medson. Utuchi lero ndidya ndine."

Pamenepo ndikanatha kunena kanthu. Anthu anali akuyang'ana, Chipiliro patsogolo, manja m'thumba. Ndinakwera.

Sitinacheke limodzi kuyambira pamene mawondo anga anayamba kuvuta, koma manja sanafunse. Ndikakoka, iye walekerera. Akakoka, ine ndalekerera. Khoo, khoo, khoo. Sowo siinapotoke ngakhale pang'ono, inatsata makala ngati ikuona. Phokoso la ndale linayamba kuchepa mpaka kunatsala kulira kwa sowo kokha ndi fungo la mbawa, lomwe lija lakuphiri. Ndinayang'ana pansi. Utuchi wofiira unali utadzaza pa kofia yake ndi ndevu, maso akutuluka madzi, osaphethira, osapukuta. Utuchi umatero, ndikudziwa bwino ine.

Chakumapeto ndinachedwetsa dzanja. Ndikuganiza kuti naye anachedwetsa. Koma panalibe amene anaimitsa, ndipo thabwa linati phwa, pawiri.

Palibe anaomba m'manja. Che Saiti anadzuka, anakung'untha mkanjo, anatola chigawo chimodzi ndi sowo yake n'kumapita. Ine ndinatola chotsalacho. Nkhomo zinatsala m'chitini mwa a Alufandika, palibe anazifunsa. Ndisanafike n'komwe pamsewu ndinamva ayambiranso, wina akuti mwaona, ndi mmene boma ili lagawira dziko, wina akuti ayi ndi otsutsa.

A Alufandika ati pa moyo wawo sanaonepo mcheko wowongoka chonchi.

Lachitatu, 16 Julaye

Chiperoni chachoka, phiri likuoneka lonse, ndi zipsera za moto wa chaka chatha.

Dora amafuna chigawo changa aziikamo madeya a nkhuku, ati maenjewo ndi okwanira bwino. Ndamulanda. Ndakhala nacho pakhonde kuti ndichotse utuchi, ndikufufuza chipsera cha ndudu yanga chimene ndinawotcha pakona chaka cha njala chija. Palibe. Ndatembenuza, ndayang'ananso. Palibe.

Si mbali yanga iyi. Anatola ndi iye poyamba, ndipo anatenga yanga.

Dora ati mwina anasokoneza ndi utuchi m'maso. Che Saiti? Munthu amene amasiyanitsa mbawa ndi mlombwa pongogogoda? Ndamuuza kuti mwamuna wa Mwanaidi ndi wakuba, ndikamutengera kwa a Alufandika, andibwezere changa. Dora wangolowa m'nyumba.

Nthawi ya bawo yakwana, yapitirira. Ndidakali pakhonde, thabwa pamiyendo. M'mphepete muja muli kadzenje kosalala kaja. Ndaikamo chala changa chachikulu. Chake ndi chonenepa, changa chikukhuthukhuthu.

Wina akubwera m'njira ya kumpanda, akukoka phazi lamanzere. Sindinadzuke. Chala sindinachotse.