Magazi Amodzi, Mafuta Osiyana

Okondedwa achemwali,

Kuno tonse tikudzuka bwino, kaya inu kutaliko.

Ine ndi mlongo wathu tinakayezetsa magazi, pokumbukira matenda a mtima amene anatenga bambo. Tonse tinatengera chibadwa chawo, koma mafuta a m'magazi akwera mwa iye yekha. Adokotala anandiuza kuti, "Chibadwachi chimagwira mosiyana mwa mwamuna ndi mwa mkazi. Thupi lanu likukutchinjirizani mpaka mudzasiye kusamba."

Mlongo wathu anangoseka, amvekere, "Ndi magazi omwe kukondera akazi!" Akumwa mankhwala, ndipo kuntchito akumapita wapansi, akung'ung'udza njira yonse.

Sindikufunsani zaka, achemwali, koma paja munandinong'oneza kuti kwa inu zija zinasiya chaka chatha... Chonde mukayezetse. Mundiperekere moni kwa alamu.

Ndine mng'ono wanu wokukondani.