Kompyuta Yati Pamene Mwagona Palibe Manda

Amayi, mwadzuka bwanji uko muliko?

Kuno mlongo wanga Fulaye ndi mkazi wake apatsidwa mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Chimanga chapsa ndi dzuwa, koma mbatata yachita.

Ndikulemba mtima ukuwira. Paja munandisiya ndikulemba mapulogalamu a kompyuta ku Norton kuno. Chaka chatha tinapatsidwa ntchito yosunga mayina a anthu oikidwa m'manda a m'mapurazi, minda ikuluikulu ya fodya ija. Pulogalamuyo imafufuza motsatana: ipeze purazi, m'kati mwake komboni, m'kati mwa komboni manda, kenako dzina la munthu. Ine ndinailemba kuti chimodzi chikasowa iime pomwepo, inene pamene yakanika. Bwana wanga anati kuimaimako kukutichititsa manyazi pamaso pa makasitomala. Anaisintha kuti ikasowa kanthu izingotulutsa pepala loyera n'kupitirira.

Ndiye purazi lathu la ku Darwendale laduladulidwa, mapuloti apatsidwa manambala. Mwini watsopano wa malo amene mwagonawo anatifunsa ngati papuloti pake pali manda. Pulogalamu sinaipeze nambalayo, popeza inu munalembedwa pansi pa dzina lakale la purazi. Inatulutsa pepala loyera, mwini pulotiyo n'kuwerenga kuti palibe munthu.

Lachiwiri thirakitala inafika. Fulaye anathamanga kuchokera kumunda n'kuima kutsogolo kwake, koma anapeza italima kale manda a aneba anu a ku Tete aja, a Zuze ndi akazi awo. Inatsala mapazi asanu kuti ikufikeni.

Munkati wosadziwa njira anene kuti sadziwa, asalozere mlendo kutchire. Kulephera kupeza munthu ndi kwina, kunena kuti palibe ndi kwinanso, koma bwanayu sakumva. Munathyola fodya wa purazi limenelo mpaka msana kupindika, chitupa chanu chikukutchulanibe mlendo. Lero ndi m'dothi momwe akuti mulibemo? Zandinyansa, amayi.

Dzulo ndabwezeretsa mu pulogalamu mizere yanga yoiimitsa ija, pulogalamu yayambanso kuima. Bwana wati ndikapanda kuichotsa pofika Lolemba ndisadzabwerenso kuntchito. Sindichotsa.

Mwini puloti akuti pepala lake ndi lomwe lija, ndipo mvula ikangogwa alimanso. Tsiku limenelo ndidzakwera kombi yoyamba, ndidzakhala pansi pamutu panu. Woyendetsa thirakitalayo adzandiuze m'maso kuti palibe munthu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati