Makapu Awiri M'nyumba Yopanda Anthu

Okondedwa amayi,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukuvutitsanibe mukamadzuka? Nanga achimwene ndi alamu, kamwana kawo kayamba kuyenda? Ine kuno thupi lili bwino, kungoti kukuzizira, zala zimachita kuuma m'mawa.

Ndinafika bwino. Amayi aang'ono anandichingamira pa siteshoni. Amayi, mng'ono wanu wachepa thupi. Anandikumbatira nthawi yaitali koma sananene kanthu, ine n'kumati ndi chimwemwe. Mukudziwa kuti kwathuko iwo akayamba kuseka, a kuseri kwa mpanda ankafunsa kuti kwagwanji. Ndinadikira kuti ayambe. Pamaso panga, mpaka lero sanayambe.

Munati ndione kaye malo ndisanavomere ntchito. Ndaona, ndipo ndikufuna ndikuuzeni zonse.

Tauniyi ndi yokongola, sindinganame. Misewu ndi yosesedwa, palibe ngakhale kapepala pansi. Nyumba zonse zinayang'ana kunyanja. Koma nyanja yake, amayi, palibe wochapa, palibe wosamba, palibe mwana woponya mwala. Maboti anawakokera kumtunda n'kuwafunditsa malona, agona mondondozana ngati odwala m'chipatala. M'mawa chifunga chimachoka pamadzi n'kulowa m'misewu, ukamayenda umangomva nsapato zako.

Tsiku loyamba ndinayenda ndekha kuti ndidziwe njira. Ndinaona zovala pachingwe, tinsapato ta ana pakhomo, njinga yotsamira khoma. Mtima unakhala pansi, ndinati anthu alipo, angobisala kuzizira. Panyumba ina ndinamva mawu m'kati. Ndi manyazi angawa ndinalimba mtima, ndinaima pageti n'kupereka moni. Palibe anatuluka. Ndinabwerera ndikuganiza kuti andiona pawindo ndipo andinyoza.

Nditawauza amayi aang'ono, anangotenga mtolo wa makiyi n'kunditsogolera kunyumba yomweyo. Atatsegula ndinapeza mipando yonse yofunditsidwa nsalu zoyera, filiji yozima ndi yotsegula, fungo la chipinda chokhalitsa chotseka. Mawu aja inali wailesi, ikuyankhula yokha pawindo.

Apo ndi pamene anandifotokozera, mawu ochepa ngati mawuwo amachita kugula. Anati eni nyumbazi amakhala kutali, amabwera nthawi yotentha basi. Amaopa akuba, ndiye amalemba anthu oti nyumba zizioneka ngati muli anthu. Ntchito yomwe anandiitanira ndi imeneyi. M'mawa kutsegula makatani, madzulo kutseka. Kuyanika zovala zoyera kale n'kuzianula. Kusuntha njinga, kutembenuza tinsapato, kuika makapu awiri patebulo la pakhonde ngati anthu angonyamuka kumene. Zovalazo palibe anazivalapo. Tinsapato tija tilibe mwana.

Mayi wa makiyi, amene ndi bwana wawo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuyankhula chinenero chawo. Amayi aang'ono anamasulira kuti wandikonda chifukwa ndine wofatsa. Akuti mtsikana amene analipo kale ankaimba kwambiri ndipo sanakhalitse, koma wachete amakhalitsa. Ndinakumbukira achimwene akundiseka kuti, Kachete, tsiku limene adzayambe kulipira anthu chifukwa chotseka pakamwa, iwe udzatigulira galimoto. Muwauze kuti ntchito ija ilipodi.

Anandilola kuti ndiyese kaye ntchitoyo, ndipo poyamba ndinaikonda, ndisakubisireni. Palibe wondifunsa kuti bwanji sukuyankhula. Tinagawana msewu ndi amayi aang'ono, iwo nyumba za kumtunda, ine za kufupi ndi madzi. Tikabwerera kuchipinda chathu timadya moyang'anana, kumangomveka masupuni. Ngakhale m'sitolo mulibe wogulitsa, umangoonetsa katundu ku makina. Tsiku lina dalaivala wobweretsa buledi anandipatsa moni, ndipo nditati ndiyankhe, mawu anatuluka ngati chitseko cha dzimbiri. Ndinachita mantha ndi mawu anga omwe.

Tsopano ndifike pa chimene ndakulemberani.

Masana ena ndinamaliza msanga, ndinakwera kumtunda kuti ndikawathandize. Ndikuyandikira nyumba yomaliza, ya chitseko chobiriwira, ndinamva kuseka. Kuseka kuja kwa mng'ono wanu, kwakalekale, kogwira m'mimba. Ndinati mwina ndi wailesi, koma wailesi ya kuno siyankhula chinenero chathu.

Ndinasuzumira pawindo la kukhitchini. Anali atavundukula mipando iwiri. Patebulo panali makapu awiri a tiyi, onse akufuka nthunzi. Pampando winawo anali atakhazika juzi yofiira ija munawalukira pochoka, manja ake atawayala patebulo.

Amayi, ankayankhula ndi inu.

Ankakutchulani kuti achemwali. Ankakunenani kuti mumathira shuga ngati mukumanga nyumba, kenaka mumanamizira bondo. Ankakukumbutsani za mnyamata wa makutu aakulu amene ankakufunsirani muli atsikana, akuti mukanamulola bwenzi ana anu akuuluka. Anakuuzani kuti mwana wanu wafika, wakula, ntchito amaitha, koma amayenda ngati akuopa kudzutsa nyerere. Akanena amasiya, n'kupendeketsa mutu kumvetsera, kenaka n'kuseka mpaka kumenya tebulo.

Kenaka anasiya kuseka. Anafunsa juziyo kuti, nanga mwanayu ndimusunge? Anadikira nthawi yaitali. Nkhope yawo inagwa, ndipo ananena chapansipansi kuti, ndamva achemwali.

Sindikudziwa chimene munawayankha.

Ndinabisala kuseri kwa khoma mpaka atatuluka kukaanula zovala. Nditasuzumiranso, tiyi wa m'kapu yanu anali atafika pakati. Mwina anamwa okha ine nditabisala. Ndikufuna kukhulupirira choncho.

Tili kuchipinda ndinawafunsa kuti amacheza ndi ndani kunyumba yobiriwira. Anandiyang'ana ngati mlendo wosokera. Anati nyumba imafuna mawu kuti akuba aziopa, ndi ntchito basi. Atatero anatembenukira kukhoma.

Inu mumadandaula kuti mng'ono wanu anayamba kunyada, mukamuimbira foni amangoti ee, ee, mpaka inu mumadula. Sakunyada, amayi. Zaka zonsezi akhala akutumikira anthu omwe kulibe, ndiye munthu weniweni akayankhula sadziwa pomuika. Ndi ine wamoyo, amene anandiitana okha, sangathe kucheza nane. Amakanena za ine kwa juzi.

Mayi wa makiyi akufuna yankho langa kumapeto kwa sabata ino. Ndikana. Ndikudziwa kuti munkayembekezera kuti ndikakhazikika kuno ndizikuthandizani, ndipo mundikhululukire. Ndidzagwira ntchito ina iliyonse kwathuko, ngakhale yosesa pamsika, bola pakhale anthu ondiponda phazi n'kundikalipira.

Koma sindingakwere basi n'kuwasiya. Ndiye pempho langa ndi ili. Muwaitane abwere kwathu. Musawafunse ngati akufuna, chifukwa adzangoti ee. Muwalamule ngati mkulu wawo. Muwauze kuti bondo lakula ndipo mukufuna mng'ono wanu pafupi. Inu amakumverani, ndaona ndi maso anga, amakumverani ngakhale muli juzi. Mukaimba foni iwo n'kukhala chete, musadule. Muziyankhulabe. Muwanene, muwakumbutse za wa makutu uja, mpaka aseke ndi inu weniweni.

Chonde musachedwe. Dzulo potuluka m'nyumba ina ya kumadzi ndinapezeka ndanena kuti tsalani bwino, ndipo ndinaima pakhomo kudikira yankho. Panopa ndikulemba kalatayi ndili ndekha m'chipinda, ndakweza maso ndaona makapu awiri patebulo. Onse ndathiramo tiyi. Ndalawa wa m'kapu inayo, ndi wa shuga wambiri, monga mumakondera inu. Sindikukumbuka kuti ndathira nthawi yanji.

Mulungu akusungeni ndipo alimbitse bondo lanu. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo kamwanako mukandipsompsonere. Achimwene muwauze kuti akonzeke kundiseka mmene angathere, sindidzathawiranso kuchipinda. Ndikafika musandiikire mpando pakona. Mudzandikhazike pakati penipeni pa phokoso, ine ndi mng'ono wanu.

Ndine mwana wanu,
uja mumati Kachete