Batani la M'kati

Lachiwiri, pa 14 Malichi

Wokondedwa Kansingano, mdzukulu wanga,

Ine ndili bwino, kupatula bondo lakumanzereli lomwe likulamula m'nyumba muno ngati ndilo limalipira lendi. Kaya iwe kumeneko. Zilembo zangazi uzipirire, paja sukulu ndinangoinunkhiza.

Kalata yako ndinailandira. Ukuti bwana wamng'ono wa kampani yosoka mayunifolomu ija akufuna ubwerere kuno, uikemo ndalama zonse zomwe wasunga zaka zisanu ndi chimodzi, muziyendetsa limodzi. Ukuti mapepala omwe anakutumizira akuonetsa phindu, koma ndikakuonere kaye ndi maso. Nditafika pa mawu oti "ndibwere" ndinaimirira osagwira ndodo. Tsiku lomwelo ndinatsegula zenera la chipinda chako, matiresi ndinayanika padzuwa, ndipo ndinayamba kukudulira diresi.

Ndinapitako Lachisanu. Manambala ine sindiwadziwa, koma m'nyumba ija ndinasokamo zaka makumi atatu, zina mwa izo iwe ukugona pa zidutswa za nsalu kunsi kwa makina anga.

Pageti ndinapeza mlonda yemwe uja, malaya atayera m'mapewa, chigongono chili pamtunda. Ndinati, "Achimwene, mukulondera nyumba ya zovala chigongono chikuwomba mphepo?"

Iye ati, "Mayi, zatsopano akuti mwezi wamawa."

"Mawa lake liti?"

"Lomwe lija la chaka chatha."

Bwana wamng'ono anandilandira ngati mlendo wolemekezeka, mpando wofewa, ine yemwe ndinkamupukuta mamina. Makoma apaka utoto, chikwangwani n'chatsopano. Anandionetsa mashelefu odzaza mipukutu ya nsalu. Atatuluka kukayankha foni, ndinakankha mpukutu umodzi ndi ndodo. Mwanawe, kumbuyo kwake khoma lokhalokha! Mipukutuyo anangoindandalika kutsogolo ngati mano anga otsalawa. Makina alipo makumi awiri, olira ndi asanu ndi awiri. Enawo awafunditsa nsalu, ati akupuma. Makina akupuma! Ine sindinapumepo, ndiye chitsulo chatopa ndi chiyani?

Koma chachikulu ndi ichi. Ndinatola ovolosi imodzi pa mulu wopita kwa amakanika n'kuitembenuza. Nthawi ya malemu bambo ake, chovala chilichonse tinkachisokera batani lapadera m'kati, kuti lina likathothoka mwiniwake asavutike. Mpendero tinkasiya wa zala zitatu, kuti wantchito akanenepa afutukule. Malemuwo ankati, "Wovala zathu azinenepa." Lero batani la m'kati mulibe, mpendero ndi wa chala chimodzi, matumba ndi olumikiza zidutswa zomwe kale tinkatola ulere.

Ndinayang'ana mayi wodula nsalu, mnzanga wakale uja. Anaika sizasi pansi, nanena chapansipansi, "Asisi, achipatala anatisiya, amahotela anatisiya. Wobweretsa nsalu satsitsanso katundu m'lole asanaone ndalama m'manja."

Sindinafunsenso zambiri. Pepala silichita manyazi, limanyamula chilichonse chomwe walisenzetsa. Koma kampani ikayamba kuumira batani limodzi, madzi afika m'khosi.

Tsopano ndiulule. Kalata ino ndi yachiwiri. Yoyamba ndinalemba Loweruka, ndinati zonse zili bwino, nyamuka msanga. Ndinaimata, Lolemba ndinafika nayo mpaka pakhomo la positi. Ndinaima pamenepo mpaka wogulitsa masitampa anandifunsa ngati ndasochera. Ndinkakuona ukutsika basi, ukundikalipira kuti ndachulutsa mchere, ukundibisira singano kuti maso apume. Kenako ndinakuona chaka chamawa, uli pa mpando wofewa uja, dzanja lili patsaya, osandinena kanthu. Kukalipa kwako ndingakupirire, koma chete ameneyo ayi. Ndinabwerera nayo. Ili m'chitini cha mabatani. Tsiku lina udzaiwerenge, udzaone kuti agogo ako bodza amalitha akafuna.

Choncho usabwere, Kansingano. Ndalama zako uzigwiritse, ntchito yako usaisiye. Bwana wamng'onoyo si wakuba ayi, ndi mwana wamantha chabe, akufuna wina woti amire naye. Umuyankhe mwaulemu, bambo ake anatidyetsa.

Mlonda akupereka moni. Mayi wodula nsalu akufunsa ngati unanenepako kapena ukadali kansingano komwe kaja. Zaka zisanu ndi chimodzi n'zambiri, ndipo chithunzi sichikumbatirika kuti munthu adziwe. Ndiye diresi lija ndalisiyira mpendero wa zala zinayi, mabatani a m'kati ndaikamo awiri. Silikuthamangira kulikonse, lidikira.

Matiresi ndalowetsa, kunayamba kuwaza mvula. Zenera lokha ndalisiya chotsegula.

Ndine agogo ako,
amakani omwe aja.