Tiana ta M'kamwa mwa Nsomba

Namiwawa, Blantyre
14 Okutobala, 1957

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi mwana wanga Ella, ngakhale ndikudziwa kuti mwezi uno ku Chiromo dzuwa likuswa mtengo. Ine kuno ndili bwino, chifuwa chija chinatha. A Aloysius, inu amene mukuwawerengera amayi kalatayi, chonde werengani zonse, musadumphe pena poti mwandimvera chisoni. Ndimakudziwani inu.

Amayi, m'kalata yanu ija munati ndisachite chibwana, nditsagane nawo azungu anga ku Halale kumene akusamukira. Munati zaka zitatu si kanthu, Ella mupitiriza kundilerera monga mwachitira zaka ziwirizi chitchonere bambo ake ku Joni. Mawu anu ndinawamva. Adona anandipatsa masabata asanu oti ndiganize, iwo ndi abwana ndi mwana wawo atapita kukaona nyumba yatsopano komweko. Abwerako dzana, ndipo yankho ndawapatsa dzulo. Koma ndisanakuuzeni, mundilole ndiyambe ndi nkhani ya nsomba. Musaseke ayi.

Abwana amaweta nsomba m'nyumba. Inde, m'nyumba, pabalaza penipeni, m'bokosi lagalasi lalitali ngati bedi la mwana. Muli mchenga ndi miyala, ndi kamakina kamene kamatulutsa thovu usana ndi usiku. Nsombazo anakazitenga kunyanja m'zitini, akuti kumeneko amazitcha mbuna. Nzazing'ono, zosakwana ndi ndiwo za munthu mmodzi, koma kukongola kwake, mayi wanga ine! Yaimuna ndi yobiriwira ngati buluu wochapira, ili ndi mizere yakuda. Zazikazi nzotuwa chabe.

Pochoka abwana anandisiyira lamulo. Chakudya kawiri patsiku, ndipo nsomba ikakana kudya masiku atatu ndiye kuti yadwala, ndiivuule ndi kaukonde ndikataye isanapatsire zinzake.

Atangochoka, tsiku lachiwiri, ndikupukuta galasi ndinaona yaimuna ija ikukumba kadzenje. Imatapa mchenga ndi kamwa n'kukalavula patali, kenaka n'kuyamba kunjenjemera thupi lonse pamaso pa yaikazi ina. Ndinati amuna ndi amodzi basi, ngakhale m'madzi. Yaikazi inalowa pakadzenjepo, ziwirizo n'kumazungulirana. Inaikira timazira tachikasu ngati mapira, kenaka inatembenuka n'kutitola tonse ndi kamwa. Ndinafuula ndekha kuti, "Iwe mfiti iwe!" Paja kwathu ndikamatumbula mphende ndinkapeza mazira m'kamwa mwake, ine n'kumati yadya ana ake, osafunsa munthu. Madzi a Shire ndi amatope, ndani anaonapo zochitika pansi pake?

Kuyambira tsikulo nsomba ija inasiya kudya. Pansi pa chibwano panatupa, ndipo inkangobisala kuseri kwa mwala ikutafunatafuna chopanda kanthu. Ine ndinati yatupidwa, zake zimenezo. Masiku atatu anakwana, koma ndikalowetsa kaukonde imathawira m'miyala. Ndinalimbana nayo mpaka sabata yachiwiri. A January, ophika athu aja, anatopa nane. Anati, "Sellina, ukufuna zife zonse abwana adzatithamangitse tonse awiri? Chotsa miyalayo, uigwire, mphaka adye."

Ndinachotsadi miyala, ndinaigwira, ndinaiponya m'beseni la madzi kukhitchini kuti ndiyambe ndabwezera miyala ija. Pobwerako ndinapeza a January ataima chilili, mpeni uli m'manja, anyezi atamuiwala.

"Taona m'besenimo," anatero monong'ona.

Amayi, m'beseni munali tinthu tamoyo. Nsomba ija ndi mantha inali italavula tiana tisanu, tating'ono ngati mpunga, timaso takuda bii, kalikonse kali ndi kathumba kachikasu pamimba. Sitinkatha n'kusambira komwe, tinkangogubuduka pansi. Ife tili chiyang'anire, make uja anatsika, anaweramitsa mutu, n'kutola kamodzikamodzi mofatsa mpaka tonse tinatha. Atatembenukira kuwala kwa pawindo, ndinaona timaso tambirimbiri tikusuzumira m'kamwa mwake.

A January anavula chipewa chawo choyera chija. Munthu wamkulu ameneyu, woti anapita kunkhondo mpaka ku Burma, anangoti, "Ambuye Mulungu, zilipo zinthu." Ine ndinangokhala pansi. Mphaka anali pakhomo pomwepo akudikira.

Tinaiika payokha m'kabokosi kena kagalasi kamene abwana amasungiramo nsomba zachilendo. Ndinkaithirira chakudya, iyo imafika pafupi, kuchiyang'ana, n'kubwerera kukamwa kuli kotseka. Mimba inalowa m'kati, mutu wokha ndi umene unatsala waukulu. Masabata atatu athunthu, Amayi, osalawa kanthu! Ine wosala chakudya Lachisanu Loyera lokha ndimafika madzulo ndikuona nyenyezi.

M'mawa wina ndinapeza yatsegula. Tiana tinali mbuu kuzungulira mutu wake, ndinawerenga makumi awiri ndi kamodzi. Nditayandikira, chithunzithunzi changa chinagwera pagalasi. Nsomba ija inangopendekeka pang'ono n'kuyasamula, ndipo tonse tija tinathamangira m'kamwa ngati ana asukulu belu likalira. Komalizira kanatsala mchira uli panja ukupikiza, make n'kukakokera m'kati. Palibe kamene kanalumidwa. Ndinaitana a January, nawonso anaitana alonda a nyumba yoyandikana nayo, tonse tinagwada pakapeti ya adona ngati tili m'tchalitchi. Kunena zoona, masiku amenewo ntchito sinkagwirika. Ndikasesa pang'ono ndimapita kukagogoda galasi ndi chala kuti ndionenso.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinagogoda monga mwa masiku onse. Make anatsika, anapendekeka, anayasamula. Koma tiana sitinabwere. Tinamwazikana, kena kuseri kwa mwala, kena pansi pa kamakina, kalikonse kodziwa kale kobisala. Iye anakhala choyasamula kanthawi ndithu. Anatsatira kamodzi, iko kanamuthawa monga kamathawira chala changa. Ndinagogodanso, ndinagogodanso, mpaka chala chinawawa. Palibe kanabwera ndi kamodzi komwe.

A January anandipeza ndikulira, nsalu yopukutira ili kumaso. Anati, "Nanga walira chiyani? Takula timeneto, ndi mmene zimakhalira." Ndinati, "Masiku asanu okha, a January?" Anandiyang'ana, anabwerera kukhitchini. Patapita nthawi anandibweretsera tiyi m'kapu ya alendo.

Abwana atafika dzana n'kuona tiana tija analumpha ngati mnyamata. Akuti zaka ziwiri akhala akuyesa kuti ziswane, osatheka. Anandigwira chanza, chinthu chimene sanachitepo, ndipo ayamba kale kufunafuna chitini chabwino choti tianato tikakwerere sitima mpaka ku Halale. Pamenepo ndinalimba mtima ndinafunsa adona ngati nane ndingatenge Ella. Anayankha mwaulemu ndithu, anati, "Pepa Sellina, nyumba za antchito kumeneko salola ana."

Ndiye dzulo ndawauza kuti sindipita. Adona akhumudwa, akuti mwana wawo anandizolowera, ndipo nzoona, nane ndimamukonda mwanayo. Alonjeza kundilembera kalata yofunira ntchito kwina. Ntchito ino itha pakutha pa mwezi uno. Ndapeza kachipinda ku Chilobwe kwa mayi ena a kutchalitchi kwathu, ndipo ntchito ikachedwa ndiziphika zitumbuwa ndizikagulitsa ku Limbe. Ndikudziwa mukwiya, muti ndataya mwayi chifukwa cha kansomba kosakwana ndi m'mbale momwe. Kwiyani, Amayi, ndinu mayi anga. Walira mvula walira matope, ndipo matopewo ndiwaponda ndekha. Zimene mwandichitira zaka ziwirizi sindingathe kuzibweza. Takhuta, Amayi, monga timathokozera kwathu, takhuta kwambiri.

Pempho langa ndi limodzi. Loweruka loyamba la Novembala mukwere sitima ndi Ella, ndikakuchingamirani pa siteshoni ya Limbe. Kuno m'mawa kumazizira kusiyana ndi kwathu, mumutengere kajuzi ngati kakumukwanabe.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi onse apakhomo, ndi kwa inu a Aloysius, zikomo powerenga mpaka pano. Ella musamuuze zambiri, mungoti tikukakwera sitima. Akakandiona n'kubisala kumbuyo kwanu musakamukalipire, ndipo musakamukakamize kunditchula kuti amayi, ndidikira. Koma chonde potsika mudzamugwire dzanja, musadzamusiye atsogole yekha. Pa siteshoni ya Limbe pamatsika ana ambiri, ndipo ndikuopa kuti ndingadzamudutse mwana wanga osamuzindikira.

Ndine mwana wanu,
Sellina