Poti 80 ndi Soketi ya Apongozi

Lolemba, 13 Meyi

Mayi Kalliopi a kukampani ya ku Thessaloniki kumene ndinafunsira ntchito aimba foni. Akuti mapepala anga awaona, koma mapepala aliyense ali nawo. Akufuna ndiike webusaiti yanga pa kompyuta ya kunyumba kuno m'tauni ya Drama, ndiwatumizire adilesi, iwo adzalowe okha Lachisanu pakati pa 3 ndi 5 koloko masana. Ikatseguka, ntchito ndi yanga. Ikakana, basi.

Ndili ndi zaka 44. Zaka 17 ndikuyankha mafoni pa fakitale ya miyala, fakitale n'kutsekedwa, ine n'kutha chaka chathunthu pa kosi ya makompyuta. Ntchito iyi ndikuifuna, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndikaipeza tisamukira komweko. Mwamuna wanga Lambros akuti amayi ake tidzawauza zikatheka, osati pano.

Seva, kompyuta yosunga webusaitiyo, ndi laputopu yakale ya L., mwamuna wangayo. Yayaka, tsamba likuoneka bwinobwino. Chatsala ndi rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba. Mlendo akagogoda pa adilesi yathu, rauta iyenera kudziwa komulozera: wabwera pakhomo lotchedwa poti 80, pita ku laputopu. Ntchito ya mphindi khumi. Koma rautayo ili pansi kwa apongozi, amayi Stamatia, chifukwa laini ya intaneti ili m'dzina la malemu amuna awo ndipo palibe angayerekeze kuisuntha. Ife apamwamba timangotola nyenyeswa.

Lachiwiri, 14 Meyi

Ndatsika kukawerenga pasiwedi kunsi kwa rauta. Ili m'khichini pamwamba pa filiji, aifunditsa kansalu koluka, yotentha ngati mbatata yootcha.

"Ukuitembenuziranji? Uiwononga."

"Ndikungowerenga manambala, amayi."

"Manambala amenewo ndi a Lambros. Wadya?"

Ndati ndadya. Andinyamulitsabe chitumbuwa cha sipinachi chimene kuno amati pita.

Poti 80 kupita ku 192.168.1.7, nambala ya laputopu. Dzina la webusaiti ndalikonza kuti lizitsatira adilesi yathu ikasintha. Ndachotsa foni pa intaneti ya m'nyumba, ndayesa ngati mlendo. YATSEGUKA! Ndakuwa ndekhandekha m'nyumba.

Lachitatu, 15 Meyi

Yafa.

M'mawa imatseguka, madzulo zii. Maola atatu ndikufufuza, kufafaniza, kulembanso, kudzitukwana kuti mwina anthu aja amanena zoona kuti zimenezi n'za ana. Kenako ndayang'ana nambala ya laputopu. Sikuthera pa 7, ikuthera pa 4. Rauta yagawanso manambala mwatsopano, ndipo 7 yamupatsa L. pa foni yake. Ndiye kuti alendo anga onse ikuwatumiza m'thumba la buluku la mwamuna wanga.

Rauta simagawa manambala mwachisawawa chonchi pokhapokha itazima. Yazima bwanji?

L. akuti, "Mwina ndi magetsi." Magetsi ake ati, filiji yathu ili phuu tsiku lonse? Munthu uyu akafuna kuthawa nkhani amatafuna pang'onopang'ono. Ndimamuona.

Lachinayi, 16 Meyi

Ndawagwira apongozi. Ndinatsika 3 koloko itangokwana ngati ndikubweza mbale. Pulagi ya rauta ili lende, m'soketi muli kachitofu kawo ka khofi.

Kani ndi tsiku lililonse! Akadya amazula rauta, amaphika khofi, amakagona, n'kudzailumikiza hafu pasiti 5, L. asanaweruke. Zaka zonsezi ine ndili kuntchito sindinkadziwa. Masiku amene ndinali pakhomo ndinkalalatira a kampani ya intaneti pa foni, anthu osalakwa.

"Amayi, chinthu ichi sachizimitsa."

"Nyumba ikagona zonse zigone. Ngakhale lamulo limatero, ikakwana 3 koloko phokoso ayi."

"Rauta ili ndi phokoso lanji?"

"Imaphethira."

Imaphethira! Ndinaluma mlomo mpaka kumva magazi.

Ndailamula rauta kuti 7 ndi ya laputopu mpaka kalekale, izime isazime. Ndagula soketi ya mabowo atatu kuti khofi ndi rauta zisalimbirane. Aiyang'ana ngati ndawabweretsera njoka. Akuti zoterezi zinaotcha nyumba ya msuweni wawo ku Xanthi. Msuweni ameneyu sindinamumvepo chikwatiwire muno.

Ndamuuza L. kuti atsike akalankhule nawo, poti za ine amazimva ngati wailesi ya oyandikana nawo. Maola awiri okha mawa, asagwire chilichonse. Wakhalako nthawi yaitali. Pobwera wati, "Amva." Osandiyang'ana.

Lachisanu, 17 Meyi, m'mawa

Ndayesa kasanu ndi kawiri. Ikutseguka. Adilesi ndatumiza. Ndaswa kapu.

Lachisanu lomweli, madzulo

5 past 3, zii.

Masitepe aja sindikukumbuka kuti ndinatsika bwanji. Soketi yanga yatsopano ili pomwepo, rauta ili pomwepo ndi kansalu kake. Chingwe cha magetsi palibe. Osati chazulidwa ayi. Palibe.

Iwo ali patebulo, avala epuloni, manja apinda. Sanagone, khofi sanaphike.

Ndinalankhula. Zaka 19 za mawu zinatuluka nthawi imodzi: makiyi a nyumba yathu amene amasunga, mapoto anga amene amavundukula, ana amene sindinabereke koma amawafunsabe pa Pasaka aliyense. Ndinati ndinu ankhanza. Ndinanenadi, m'maola a chete, mawindo ali otsegula. Mayi Fotini a kutsidya kwa msewu anatseka awo.

Anangondisiya mpaka mpweya unandithera.

"Lambros wandiuza dzulo. Akuti musamuka mu Seputembala."

Chitsiru cha mwamuna. Ndinamutuma za maola awiri, iye n'kukakhuthula zonse.

"Ukuganiza kuti sindidziwa chimene kabokosi aka kamachita? Ndine wokalamba, sindine mbuzi." Kenako analoza kudenga. "M'mawa ndimamva ukukoka mpando. Ndimamva madzi akutsika m'paipi. Ndimati aja adzuka, nanenso ndidzuke. Mukapita, pamwambapa padzayenda ndani?"

Ndinangoti, "Amayi, 20 to 4. Ndipatseni chingwe."

"Ukapanda kuipeza ntchitoyo udzandida?"

"Ee."

"Mpaka liti?"

"Mpaka mudzafe. Mwinanso kupitirira."

Anapisa dzanja m'thumba la epuloni, n'kutulutsa chingwe chija, n'kuchiika patebulo. Anali atachikulunga bwinobwino, kuchimanga ndi ulusi.

Rauta imatenga mphindi zitatu kuti idzuke. Sindinakwere. Ndinatsegula pa foni mndandanda wa olowa pa seva. Mopanda kanthu. Ngati mayi Kalliopi anayesa kale n'kupeza potseka, sizingaoneke pamenepo, ndipo sindikanadziwa. Tinakhala awiriwiri, ine maso pa foni, iwo maso pa ine. 4 koloko. Quarter past.

4:26 mzere unatulukira. Kenako wina, kenako wina. Munthu akutsegula masamba anga limodzilimodzi, osathamanga.

"Ndi iwo?"

"Ndi iwo, amayi."

"Zikuyenda?"

"Zikuyenda."

Anagwedeza mutu, anavula epuloni, anaipachika pa msomali. Analowa kuchipinda kwawo n'kutseka chitseko mwakachetechete.

Mayi Kalliopi alemba kuti ndipite Lolemba tikakambirane tsiku loyamba. L. waimba kawiri, sindinayankhe, ameneyo aona. Tsopano ndi 6 koloko. Ndikulemba izi patebulo lawo. Chitseko chija sichinatseguke, ndipo ine sindinakwerebe.