Masamba Awiri Opanda Mawu

Lachinayi

09:06 Achemwali: iwe ma cup aja wachapa?

09:07 Ine: ndachapa. pano ndikusoka batani la shati ya Kapitawo

09:07 Achemwali: lomwe lija unayamba ine ndikutuluka pakhomo??

09:10 Ine: ulusi ukukana kulowa pa singano. komanso batani lake lenileni linasowa, ndikufufuza lofanana nalo mchitini

09:10 Achemwali: mwana wa zaka 4 aziona za batani? kkkk iwe ukadzakwatiwa mwamuna wako azidzapita ku ntchito ndi vest

09:11 Achemwali: mwana wangayo wadzuka? chifuwa chili bwanji

09:12 Ine: wadzuka. wakhosomola kawiri basi. mankhwala wamwa

09:12 Achemwali: walankhula?

09:14 Ine: ayi. anangoloza cup

09:14 Achemwali: ndinakuuza usamamupatse akangoloza. azinena ndi pakamwa. ndiwe ukumulekerera

09:15 Ine: chabwino

09:31 Achemwali: tamvera. bambo a ku printing andiimbira, akuti buku lako la zithunzi lija lili ndi vuto. ine ndili mkalasi ana akundikwera mmutu, ndipanga group akuuze okha

[Achemwali apanga gulu "Buku la Loweruka"]
[Achemwali alowetsa Aprinting]

09:40 Aprinting: mwadzuka bwanji nonse. ojambula ndinu eti? Nungu uja mwamujambula bwino mpaka ndimaopa kugwira pepala kuti minga indibaya kkk

09:43 Ine: ndadzuka bwino kaya inu. zikomo

09:45 Aprinting: vuto ndi ili. buku lanu lili ndi masamba 18. ife timapinda pepala pakati nkumenya staple, nde pepala limodzi limabala masamba 4. akhale 16 kapena 20. 18 makina anga samudziwa

09:45 Achemwali: pangani 20

09:47 Aprinting: pepala lokhuthala lija latsala lokwana 16 pa ma copy 40 anuwo madam. lina lifika sabata ya mawa

09:47 Achemwali: sabata ya mawa?? makolo akubwera kudzaona sukulu Loweruka lino. mwana aliyense akuyenera kutuluka ndi buku mmanja

09:49 Aprinting: nde awiri achoke. ndikuwerengereni. 1 mpaka 16 nkhani ya Nungu ndi Bakha. 17 Tiphunzirapo Chiyani. 18 chithunzi cha madam, dzina la sukulu ya mkaka ndi nambala ya foni

09:49 Achemwali: 17 ndi 18 ndinalemba ine. asakhudzidwe

09:50 Achemwali: kholo likapanda kuona nambala mwana wake likamulembetsa kwa ndani

09:52 Aprinting: cover ndinadinda kale dzulo nde nambala singalowenso kumeneko. koma pali 10 ndi 11. mulibe mawu ngakhale amodzi. Nungu ndi Bakha angokhala pansi pa tsamba lalikulu la mtengo mvula ikugwa. poyamba ndimayesa file yatseguka molakwika

09:52 Achemwali: eya amenewo. chotsani

09:55 Ine: [mwafufuta uthenga uwu]

09:56 Achemwali: walemba chani

09:58 Ine: palibe

10:03 Aprinting: a ojambula mukuti bwanji?

10:03 Achemwali: akuti chabwino

10:04 Achemwali: ameneyo musamudikire bambo, mukalamba. ndimamulankhulira ndine kuyambira ali ku primary

10:06 Aprinting: kkk ndamva madam koma ine zithunzi za munthu sindidula mwini wake asananene. chaka chatha ndinadula za mnyamata wina, mpaka lero tikakumana pamsewu amawoloka

10:07 Aprinting: 3 koloko ndiyenera kuyamba. ikadutsa pamenepo makina ali ndi ntchito ya anthu ena mpaka Lolemba

10:21 Ine: pepani ndimafuna ndingofotokoza pang'ono

10:24 Ine: pa tsamba 9 mvula yagumula una wa Nungu. pa 12 kwacha ndipo akukumba wina. mukachotsa 10 ndi 11 zioneka ngati sanadandaule nkomwe

10:25 Achemwali: nde bwino kumene. ana aphunzire kuti nyumba ikagwa umadzuka nkukumba ina. osati kukhala pansi masamba awiri athunthu kumayang'ana mvula

10:27 Ine: komanso Bakha amalongolola buku lonse. pamenepo mpokhapo pomwe watseka pakamwa

10:27 Achemwali: bakha wotseka pakamwa ndinamuona mu mphika mokha

10:28 Aprinting: kkkkk madam

10:29 Achemwali: iwe kholo likatsegula pakati nkupeza mulibe mawu lidzati sukulu imeneyi ngakhale kulemba amaiwala. makolo amafuna mwana aziwerenga a e i o u. sizongoonera zithunzi

10:44 Ine: nanga tikachotsa 5 ndi 6

10:48 Aprinting: ndaona. 5 ndi 6 mpomwe Bakha wakhala pafupi ndi Nungu koyamba nkubayidwa. mukachotsa pamenepo ubwenzi ungoyamba ngati bowa

10:50 Ine: zoona

10:51 Achemwali: waona? ngakhale bambowa akukuuza

10:52 Aprinting: ine sindinauze munthu madam ndangowerenga masamba

11:05 Ine: Kapitawo amawakonda

11:05 Achemwali: chani

11:06 Ine: 10 ndi 11

11:06 Achemwali: wakuuza?

11:07 Achemwali: mwana woti madzi akumwa amachita kuloza wakuuza kuti amakonda tsamba 10?

11:07 Achemwali: usamamuike mwana wanga pakamwa zofuna zako

11:16 Achemwali: [uthenga wa mawu 1:48]

11:21 Aprinting: madam voice imeneyi mwina imapita kwa mng'ono wanu yekha. ndamva yonse mpaka za mbale za dzulo

11:21 Achemwali: sory bambo

11:30 Ine: sindinanene kuti simundisunga bwino achemwali

11:31 Ine: komanso sindinanene kuti sukulu yanu ndi yachabe. pensulo ndi penti munandigulira ndinu sindinaiwale

11:32 Achemwali: nde chavuta nchani? ana atatu achoka term ino. atatu. chipinda chachiwiri chija chatsala ndi mipando yokha. Loweruka likandilaka ine iwe Form 4 yakoyo itidyetsa?

11:33 Achemwali: ndili ndekha pa zonsezi ukudziwa

11:33 Achemwali: ungolemba kuti chotsani. mawu amodzi

11:40 Ine: ndiganize kaye

11:40 Achemwali: uganize chani

11:41 Achemwali: iwe

12:15 Aprinting: pepala ndadula kale. ndikupita kukadya, ndikabwera ndipeze yankho pls

12:52 Achemwali: ana agona. yankha tsopano

[foni ya Achemwali yosayankhidwa 12:54]

[foni ya Achemwali yosayankhidwa 12:55]

12:56 Achemwali: ndikuona kuti mauthenga akufika

13:20 Achemwali: mwana ali bwino? kapena chifuwa chakula?

13:21 Achemwali: iwe usandiopseze

13:34 Ine: ali bwino. wadya. tili pa mkeka

13:34 Achemwali: nde foni yanga sumaimva?

13:35 Ine: ndinaiika pa silent

13:35 Achemwali: pa silent. tsiku ngati lalero

13:36 Achemwali: bambo ine ndi amene ndinabweretsa ntchitoyi. chotsani 10 ndi 11 muyambe

13:58 Aprinting: ndabwera. madam ndamva koma ndinanena kale. a ojambula angolemba eya basi ine ndiyatsa

13:59 Achemwali: lemba eya

14:10 Achemwali: ukundichititsa manyazi pamaso pa anthu

14:11 Achemwali: ndinakutenga kwa amayi kuti uzindithandiza osati kundimanga miyendo

14:19 Aprinting: 20 past 2 anthuni

14:26 Ine: [mwafufuta uthenga uwu]

14:27 Achemwali: ukafufutanso kamodzi ndisiya ana pano ndibwere konko

[foni ya Achemwali yosayankhidwa 14:30]

14:33 Aprinting: a ojambula musaope. eya kapena ayi zonse ndi mawu. ine sindiluma, woluma ndi staple

14:38 Ine: achemwali ndikupempha mundisiye ndimalize musanayankhe. ndikalankhula pa foni ndisokonezeka nchifukwa sindikuyankha

14:38 Ine: bambo pepani izi ndi za kunyumba koma nthawi palibe

14:39 Achemwali: za kunyumba tikamba kunyumba

14:40 Ine: ayi achemwali

14:41 Ine: Kapitawo amalankhula

14:43 Ine: buku lija ndisanalipereke ndimamuwerengera masana inu muli ku sukulu. zithunzi zoyamba za pensulo zija ndikadali nazo. masamba okhala ndi mawu ndimawerenga ine iye nkumangomvera. tikafika pa 10 ndimakhala chete poti palibe chowerenga

14:44 Ine: tsiku loyamba tinangokhala. lachiwiri chimodzimodzi. lachitatu ndikufuna kutembenuza tsamba anagwira dzanja langa nkuika chala pa Nungu. anati wanyowa

14:45 Ine: tsiku lina anati Bakha akuzizidwa koma sakunena. tsiku lina anawerenga madontho a mvula mpaka 7 mokweza

14:47 Ine: lero tawerenganso nchifukwa foni inali pa silent. wati Nungu akudikira adadi ake abwere adzakonze nyumba. kenako wati sabwera

14:48 Ine: ndimafuna kumuuza kenakake koma sindinadziwe choti ndinene nde ndinangokhala. waloza Bakha wati koma uyu alipo. kenako watembenuza tsamba yekha

14:49 Ine: chichokereni alamu pakhomo pano aliyense amamuuza lankhula, yankha, nena zikomo, nena ndi pakamwa. amayi akaimba foni chimodzimodzi. inunso. ndikudziwa ndi mantha sikuti nkhanza. koma mwanayu akamva funso amatseka ngati chitseko

14:50 Ine: sindinakuuzeni poti madzulo omwewo mukanamuimika pa sitting room kuti bwereza zomwe unauza anti. akanasiyiratu

14:51 Ine: mkalasi mwanumo sindikhulupirira kuti mulibe ana onga iye. kamtsikana kamene kamakhala pafupi ndi chitseko kaja sindinakamvepo mawu

14:52 Ine: 17 ndi 18 ndi anu ndipo ndikudziwa chomwe mukuopa. mawa ndibwera ku sukulu ndidinda chidindo kuseri kwa ma copy onse 40 nkulemba nambala yanu ndi dzanja. ndimachedwa koma ndimaliza. phunziro mudzawauza makolo ndi pakamwa, kulankhula mumatha kuposa pepala

14:53 Ine: bambo yankho langa ndi ayi. 10 ndi 11 musachotse. ngati achemwali akana kuchotsa awo mundibwezere zithunzi zanga zonse buku lisatuluke

14:53 Ine: ndamaliza

14:55 Aprinting: madam?

14:57 Aprinting: madam makina ndayatsa

14:58 Achemwali: [uthenga uwu wafufutidwa]

15:00 Achemwali: chotsani 17 ndi 18

15:04 Achemwali: iwe usamuuze kuti ndadziwa